Lupanga la bulonzi looneka ngati tsamba: mmene lakhalira patapita miyezi likudula

Lupanga limeneli ndi lopangidwa masiku ano motengera mtundu wa Ewart Park, umene unafala ku Britain ndi ku Ireland cha m'ma 900 mpaka 700 Khristu asanabadwe. Dzinalo linachokera ku malo ena a ku Northumberland, kumpoto kwa England, kumene anapeza malupanga atatu mu 1814, ndipo ena ambiri akhala akuvuulidwa mumtsinje wa Thames. Ndi lalitali masentimita pafupifupi 60, lolemera magalamu pafupifupi 700, la bulonzi, ndiye kuti mkuwa wosakaniza ndi tini (chitsulo chofewa chotuwa) wokwana magawo 10 kapena 12 pa 100. Pafupi ndi chogwirira ndi lopyapyala, kenako limatukuka kukhala ndi mimba chakutsogolo, n'kusongokanso kunsonga.

Mimbayo ndiye mwini ntchito. Kulemera kwa lupanga kunaunjikana pamalo enieni amene amagunda chinthu, choncho dzanja silichita kukakamiza, monga momwe chikwanje chotambasuka kumutu chimadzigwetsera chokha pa nthambi. Komanso popeza mbali yakuthwayo ndi yokhota, imalowa mocheka osati mongomenya. Thunthu la nthochi, dzungu ndi mphasa yonyowa yokulungidwa, zonsezi limadula bwinobwino ngati mwagunditsa pamimbapo. Mukagunditsa chakufupi ndi dzanja, lupanga limanjenjemera n'kukanirira pakati.

Vuto lalikulu ndi kupindika. Bulonzi sabwerera yekha m'malo mwake ngati chitsulo chosulidwa bwino. Dzanja likapendeka pang'ono, kuthwa n'kulowa chammbali, lupanga limakhota pamalo opyapyala aja, kuseri kwa mimba. Kuwongola n'kosavuta: kuligoneka pa thabwa n'kumakanikiza pang'onopang'ono, kapena kugogoda ndi nyundo yamtengo. Koma nthawi iliyonse imene lapindika n'kuwongoledwa, pamalopo pamauma, ndipo mapeto ake ndi mng'alu. Choncho amene sanazolowere kulunjikitsa kuthwa ayambe kaye ndi mabotolo apulasitiki a madzi.

Za kunola ndi pamene ambiri amaliwonongera. Akale ankati akalichotsa m'chikombole, ankasasantha m'mphepete mwake ndi nyundo lili lozizira kuti kuthwako kulimbe, kwinaku pakati pakhale pofewerapo. Kampata kolimbako n'kochepa, mamilimita owerengeka chabe. Nsungwi youma kapena fupa zimapinda kuthwako, ndipo mukayang'anitsitsa padzuwa mumaona kamlomo konyezimira kogonera mbali imodzi, kamene kamakola chikhadabo. Musathamangire tupa. Tupa imadya bulonzi wolimbayo n'kusiya wofewa, ndiye lupanga limayamba kubuntha msangamsanga. Bwezerani kamlomoko ndi kanyundo kakang'ono pa chitsulo chosalala, kenako mupititse mwala wonolera wosalala mopepuka.

Chogwirira ndi chachifupi, ndipo dzanja lalikulu limapanikizika pakati pa mapewa a lupanga ndi mutu wakumbuyo. Ngakhale zili choncho, kapangidwe kake n'kanzeru. Malupanga oyambirira aatali ndi oonda anali ndi mpini wongokhomerera kumapeto ndi misomali, ndipo mabowo ankang'ambika munthu akatema nawo. Pa mtundu uwu, monganso pa mtundu wina wa ku Ulaya wotchedwa Naue II, bulonzi wa m'chogwirira anamuumbira limodzi ndi lupanga lonse, n'kuphatikapo timatabwa tiwiri uku ndi uku. Patapita miyezi bulonziyo ali nganganga, koma timatabwato tinafota nyengo youma n'kuyamba kugwedera. Kugogoda mitu ya misomali mbali zonse ziwiri ndi kupaka mafuta pamtengopo kunathetsa vutoli.

Mtundu wake wasintha kuchoka pa kuwala ngati golide kufika pa kuderako, makamaka mogwira zala. Zimenezi sizivulaza. Choopsa ndi ufa wobiriwira motuwa, umene umabwera ndi mchere wa thukuta ndi chinyezi, chifukwa umaboola bulonzi. Madzi a nthochi nawonso amasiya mawanga, ndiye muzipukuta mukangomaliza n'kupakapo phula la njuchi mopyapyala.

Alipo amene amati malupanga amenewa anali ongodzikongoletsera. Kafukufuku wa akatswiri a ku Newcastle University, wotuluka mu 2020, anamenyanitsa malupanga otengera akalewa, n'kupeza kuti zipsera zake zikufanana ndi za pa malupanga enieni a ku Britain ndi ku Italy. Maonekedwe a tsambawa anapitirira ngakhale chitsulo chitalowa m'malo mwa bulonzi, monga pa lupanga la Agiriki lotchedwa xiphos. Wofuna lodulira tsiku ndi tsiku agule lachitsulo la maonekedwe omwewa. La bulonzi ndi la munthu wokonzeka kuligwira ndi nyundo nthawi ndi nthawi.