Sherlock Holmes kapena Poirot, muyambe ndi uti?

Ngati mukufuna kuyamba mabuku akale a zofufuza milandu, mayina awiri awa simungawazembe, Sherlock Holmes wa Arthur Conan Doyle ndi Hercule Poirot wa Agatha Christie. Koma sikuti ndi ofanana ayi.

Holmes anatulukira mu 1887, zambiri ndi nkhani zifupizifupi zokwana 56, mabuku aatali ndi 4 okha basi, nde nkhani imodzi umaimaliza uli mu minibasi. Doyle anali dokotala, luso loyang'anitsitsa anatengera kwa mphunzitsi wake Joseph Bell ku Edinburgh, n'chifukwa chake Holmes amangoona matope pa nsapato kapena phulusa la fodya n'kudziwiratu komwe munthu wachokera. Chondidandaulitsa n'choti zina amabisa mpaka kumapeto, iwe umangolondola pambuyo limodzi ndi Watson, mnzake wa Holmes, osapatsidwa mpata woganiza wekha.

Christie nde amakupatsa mpatawo. Poirot, mkulu wa ku Belgium uja, anayamba mu 1920 ndipo sathamangathamanga, amakhala pansi kufunsa anthu mmodzimmodzi, umboni onse uli poyera koma umaphonyabe ndithu! Mayi Christie anagwirako ntchito yopereka mankhwala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, za poizoni amazidziwa bwino zedi. Kungoti pamafunika kudekha, anthu m'nkhanimo amachuluka, ukasiya sabata imodzi wayiwala kuti uyu ndi ndani.

Ine mtima wanga uli kwa Christie, makamaka Murder on the Orient Express ya 1934. Koma amene nthawi ndi ndalama zikuvuta yambani Holmes, nkhani zake zambiri zili zaulere pa webusayiti ya mabuku ya Project Gutenberg, mungodawunilodi pa foni.