Ndemanga yanga pa chimbale cha End to End cha Barre Phillips

Ndinagula chimbalechi miyezi itatu yapitayo, koma ndinazengereza dala kulemba ndemanga chifukwa tsiku loyamba sichinandikomere. Ndinachiika m'galimoto popita kuntchito, ndipo kulira kwa injini kunameza mawu onse akuluakulu a bezi, moti ndinkangomva kukwecha kwa uta. Nditachimvetsera usiku ndi mahedifoni, ana atagona, m'pamene ndinazindikira kuti vuto linali malo amene ndinasankha.

M'chimbale chonse mulibe woimba pakamwa, ng'oma kapena gitala. Muli munthu mmodzi, Barre Phillips, ndi bezi yake ya double bass, chida chachikulu cha nsambo chimene woimba amachiimika pansi n'kuchitsamiritsa pathupi. Bambo Phillips anabadwira ku San Francisco mu 1934, anasamukira ku Ulaya mu 1967, ndipo anakhala zaka zambiri kummwera kwa France. Chimbale chawo cha Journal Violone, chojambulidwa m'tchalitchi ku London mu 1968, ndi chimene ambiri amati chinali choyamba cha bezi yokhayokha yoimbidwa mopeka pomwepo. End to End anachijambula mu 2017 ali ndi zaka 82, ndipo kampani yotulutsa zimbale ya ECM inachitulutsa mu 2018, iwo atanena kuti ndi chomaliza chimene adzaimbe okha. Anamwalira mu Disembala 2024.

Ukalambawo umamveka, koma osati ngati kufooka. Sathamanga, saonetsa ukatswiri, ndipo amalola liwu limodzi kuti lizirale lokha asanakhudze nsambo ina. Zigawo zilipo 13, zoikidwa m'magulu atatu otchedwa Quest, Inner Door ndi Outer Window. Pena amakoka nsambo ndi zala, pena amagwiritsa ntchito uta monga amachitira woimba kaligo, ndipo pena amagogoda chidacho mpaka chimamveka ngati ng'oma. Amene tinazolowera babatoni timayembekezera kuti bezi izigunda mofanana kuti ovina aponde bwino, choncho zinanditengera nthawi kuvomereza kuti pano bezi ndiyo ikukamba nkhani yonse, ndipo imaima pamene yafuna. Kajambulidwe kake n'koyera kwambiri moti ngakhale kukhudza kwa zala pa nsambo kumamveka.

Chodandaula changa ndi chakuti zigawo zina zimatha pamene khutu langoyamba kuzizolowera, ndipo chimbale chonse sichifika ola limodzi, chikhalirecho mtengo wake pamodzi ndi wotumizira unali wokwera. Sitolo imene ndinagulako inachedwanso kutumiza, ndipo chikwama chake chinafika chitang'aluka pakona.

Ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ngati mumamvera nyimbo pa sipika ya foni yokha, musataye ndalama zanu kufikira mutapeza mahedifoni abwino.