Kalabu yophunzitsana kulankhula pagulu: mmene ndikuionera chaka chisanathe

Nditangolowa kumene kalabu yophunzitsana kulankhula pagulu, ndinalemba mwachimwemwe kuti aliyense amene amachita mantha akaimirira pamaso pa anthu apite akalembetse. Tsopano chaka chatsala pang'ono kukwana ndipo mawu amenewo sindikuwabweza. Chimene chasintha ndi chifukwa chake. Panthawiyo ndinkayamikira mwayi wolankhula pafupipafupi. Lero ndikuyamikira kwambiri udindo wounika ena akamalankhula, chifukwa ndi umene wandiphunzitsa zambiri kuposa china chilichonse.

Kalabu yathu ndi yodziimira payokha, koma kayendetsedwe ka misonkhano tinatengera ku Toastmasters, bungwe lomwe Ralph Smedley anayambitsa mu 1924 ku Santa Ana, ku California. Iye ankagwira ntchito ku YMCA, bungwe lachikhristu la achinyamata, ndipo anaona kuti anyamata ambiri sankatha kulankhula pagulu kapena kutsogolera msonkhano. Njira yake inali yoti pasakhale mphunzitsi woima kutsogolo, koma mamembala aziphunzitsana okha posinthana maudindo. Ifenso timatero. Msonkhano umakhala ndi zigawo zitatu: nkhani zomwe anthu akonzekera kunyumba, mafunso odzidzimutsa, kenako kuunikana.

Nkhani yoyamba ya membala watsopano imakhala yodzifotokoza yekha, ya mphindi 4 mpaka 6. Zotsatira zambiri zimakhala za mphindi 5 mpaka 7. Wosunga nthawi amakweza khadi lobiriwira pa mphindi 5, lachikasu pa 6, lofiira pa 7. Makhadi amenewa amaoneka ngati chinthu chaching'ono, komatu amakukakamiza kusankha. Ukakhala ndi mfundo zisanu ndi imodzi, khadi lofiira limakupeza uli pakati. Pang'ono ndi pang'ono umaphunzira kutaya mfundo zabwino kuti zitsale ziwiri kapena zitatu zofunika, ndipo kutaya kumeneko n'kowawa. Palinso wina amene ntchito yake ndi kuwerenga mawu ongodzazira mpata: "aaa", "eee", "ndiye kuti", "mwaonatu", "eti". Pomaliza amauza aliyense kuti wawanena kangati. Kwa ine phindu lake linabwera msanga, m'miyezi yoyambirira yomwe. Ukangoyamba kudzimva wekha ukunena "eee", umaphunzira kukhala chete kamphindi m'malo mwake, ndipo omvera sadandaula nako kukhala chete koteroko.

Koma tiyeni tifike pa kuunika. Wolankhula aliyense amapatsidwa munthu mmodzi womuunika, ndipo wounikayo amakhala ndi mphindi 2 mpaka 3 zoti anene zimene waona. Nthawi yokonzekera imakhala yochepa kwambiri, choncho pamene mnzako akulankhula iwe sungangokhala n'kumasangalala ndi nkhaniyo. Umafunika kuona mmene waimangira: wayambira pati, mfundo yake yaikulu yatulukira nthawi yanji, chitsanzo chiti chagwira mitima ya anthu, ndi pati pamene maso a omvera anayamba kuyang'ana kwina. Kunena kuti "mwalankhula bwino kwambiri" sikuthandiza munthu. Chothandiza ndi kumuuza kuti, "Nkhani ya mwana wanu ija ndi imene inatigwira mtima, koma munaibweretsa khadi lachikasu litakwezedwa kale, mukanayamba nayo." Kuti ufike ponena mawu oterowo, uyenera kukhala utamvetsera ndi mutu wonse.

Ndipo apa ndi pamene pali phindu. Ukachita zimenezi mobwerezabwereza, khutu lako limasintha. Ukakhala pansi kukonza nkhani yako, umayamba kuona zofooka zomwezo usanaimirire n'komwe: malonje atalika, mfundo yachiwiri ikubwereza yoyamba, mathero palibe. Zolakwika zako n'zovuta kuziona uli pakati polankhula, chifukwa maganizo amakhala pa chiganizo chotsatira. Za mnzako umaziona bwinobwino uli phee pampando. N'chifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona membala amene amangobwera tsiku lomwe ali ndi nkhani yake, n'kumakana maudindo ena onse. Amakhala akusiya gawo lonona.

Mafunso odzidzimutsa aja, omwe ku Toastmasters amawatcha Table Topics, amafuna kuti uyankhe kwa mphindi imodzi kapena ziwiri osakonzekera. Chimene ndatolapo n'chachidule: nena maganizo ako m'chiganizo choyamba, pereka chifukwa, pereka chitsanzo chimodzi, siya. Kuntchito bwana akandifunsa mwadzidzidzi pamsonkhano, sindizunguliranso kutali ndisanafike pa yankho.

Nanga mantha? Sanathe, ndipo amene angakuuzeni kuti amatheratu musamukhulupirire msanga. Mtima umagundabe, kukamwa kumauma, manja amazizira. Ndi thupi lomwe likutulutsa adrenaline, timadzi tolikonzekeretsa kuthawa kapena kumenya nkhondo, poganiza kuti pali ngozi, ndipo silifunsa kuti walankhulapo kangati. Chasintha n'chakuti tsopano ndikudziwa mayendedwe ake. Amakula kwambiri dzina langa lisanaitanidwe, kenako amatsika ndikadutsa ziganizo zoyambirira. Choncho ziganizo zimenezo ndimaziloweza bwino, zina zonse ndimangosunga mitu yake, ndipo ndisanaimirire ndimapuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya motalika kuposa kukoka.

Zofooka zilipo, ndipo zimaonekera miyezi ikamapita. Chachikulu n'chakuti anthu a m'kalabu amakufunira zabwino. Amaomba m'manja ukamapita kutsogolo, amaombanso ukamabwerera, ngakhale utalankhula zosamveka. Kwa watsopano zimenezi n'zofunika zedi, chifukwa popanda izo ambiri sakanabweranso kachiwiri. Koma mukazolowerana, kuunikana kumafewa. Munthu safuna kukhumudwitsa mnzake amene akhala naye limodzi kwa miyezi, ndiye amayamikira kwambiri, chodzudzula n'kungochikhudza pamwamba. Theka la chaka litadutsa ndinaona kuti ndaima pamalo amodzi, osapita patsogolo. Ndinkalankhula momasuka kwa nkhope zomwezo, koma nditaitanidwa kukafotokoza za ntchito yathu kwa anthu osandidziwa, ena akuyang'ana mafoni awo, wina akundidula ndi funso lovuta, ndinazindikira kuti kalabu inali isanandikonzekeretse zimenezo.

China n'chakuti m'kalabu mumamera kalankhulidwe kakekake: manja otambasula kwambiri, kuyendayenda kutsogolo, kukweza ndi kutsitsa mawu mochita kukonza. Pa mpikisano zimenezi zimakoma. Pamsonkhano wa anthu asanu ozungulira tebulo zimaoneka zachilendo, ndipo munthu ayenera kudziwa pozisiya. Vuto la kusabwera kwa mamembala nalo limatopetsa. Pakabwera anthu ochepa, mmodzi amasenza maudindo awiri kapena atatu, ndipo msonkhano umazilala.

Zomwe zandichotsa pamene ndinaima paja n'zosavuta. Ndinayamba kupempha wondiunika, msonkhano usanayambe, kuti ayang'ane chinthu chimodzi chokha, monga ngati mathero anga akugwirizana ndi chiyambi, ndipo andiuze mosabisa. Ukapempha wekha, mnzako amamasuka kunena zoona. Ndinayambanso kujambula nkhani zanga pafoni n'kumazionera pambuyo pake, komanso kukacheza ku makalabu ena komwe palibe amene amandidziwa.

Ngati mukuganiza zolowa, makalabu ambiri amalola mlendo kudzaonerera asanalembetse. Mukapita, musatengeke ndi wolankhula waluso wa tsikulo. Dikirani gawo lounikana, mumve ngati ounikawo akutchula zinthu zenizeni zomwe munthu angakasinthe pa nkhani yake yotsatira. Ine ndalembetsanso, ndipo ndapempha kuti pa nkhani zanga zikubwerazi azindiunika mayi wina amene ambiri amamuopa chifukwa sanyengerera.