Tsitsi likathothoka pambuyo pa matenda: kumeta, meshi, nsatsi kapena mapiritsi?

Malungo anandigwetsa mu February, mvula ili pakati, ndipo ndinagona m'chipatala masiku asanu. Nditatuluka ndinabwerera ku geni yanga ya zitenje pa Boma ku Mangochi, mphamvu zinabwerera, za matenda n'kuiwalika. Kenako mu May, m'mawa wina ndikupesa, chipeso chinatuluka chitadzaza tsitsi. Mawa lake chimodzimodzi. Posamba linkatsalira m'manja, pa pilo linali mbwee, ndipo tsitsi limene ndinalisunga zaka zinayi mpaka kufika m'mapewa linayamba kuonetsa khungu. Aliyense wondiona anali ndi mankhwala ake. Anganga anati nsatsi. Wa ku saluni anati tiluke meshi libisike. Alamu anga a ku Joni anatumiza mabotolo awiri pa basi. Achemwali anga anati tingometa. Zambiri mwa izi ndinaziyesa, zina ndinaziona kwa anzanga, ndiye ndaona kuti ndiziike pamodzi kuti wina asataye ndalama ndi miyezi ngati ine.

Choyamba mudziwe chimene chikuchitika pamutupo, apo ayi simungasankhe bwino. Munthu amakhala ndi tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo pa 100 alionse, 85 mpaka 90 amakhala akukula pamene enawo akupuma, kudikira kugwa. Kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda. Koma thupi likakumana ndi chinthu chachikulu, monga kutentha kwambiri kwa malungo kapena tayifodi, kubereka, opaleshoni, kuonda mwadzidzidzi, maliro kapena nkhawa yosagonetsa tulo, mizu yambiri imasiya ntchito nthawi imodzi n'kuyamba kupuma. Kupumako kumatenga miyezi pafupifupi itatu, ndipo ikatha m'pamene tsitsi limagwa lonse pamodzi. N'chifukwa chake ambiri sitigwirizanitsa kuthothokako ndi matenda aja, timayamba kuganizira sopo, madzi, kapena munthu amene anatola tsitsi lathu ku saluni. Madokotala amati telogen effluvium, dzina limene anapereka dokotala wa khungu wa ku America, Albert Kligman, mu 1961. Tolani tsitsi limodzi logwa mulione kumapeto. Ngati kuli kamutu koyera, lachoka ndi muzu wopuma ndipo latsopano lili m'njira. Ngati kulibe, ndiye kuti laduka panjira, ndipo limenelo ndi vuto la kasamalidwe. Mizu siifa, ndipo kwa ambiri kugwako kumaleka pasanathe miyezi isanu ndi umodzi.

Tiyambe ndi kumeta ndi kusunga. Achemwali ankanena motsimikiza kuti ukameta mpala limamera lambiri ndi lolimba. Zimenezo si zoona: lumo limadula pamwamba, muzu uli mkati mwa khungu sudziwa n'komwe kuti kunja kwachitika chiyani. Lometedwa limaoneka lokhuthala chifukwa nsonga zake n'zosasongoka, basi. Komabe kudula kuli ndi ubwino wake umene sindinauyembekezere. Tsitsi lalitali likapyapyala, latsopano lalifupi limakolana ndi lakale lotsala, ndiye popesa umadula onse awiri. Komanso mtima umapumula, chifukwa tsitsi lalifupi likagwa siliopsa m'maso ngati lalitali lodzadza m'beseni. Kuipa kwa mpala kwathu kuno ndi mafunso. Mkazi wamkulu akameta, anthu amafunsa ngati kwagwa zovuta, ena amanong'onezana za matenda amene sanakuuze dokotala. Dzuwa la October la ku Mangochi nalonso silichitira chisoni khungu lopanda kanthu. Ine ndinadikira mpaka August, n'kudula kusiya masentimita atatu. Ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, ndikanadula mu June. Amene tsitsi lake langopepuka pang'ono, asadule, angochepetsa nsonga.

Pa zobisa mutu m'pamene ndikufuna ndikhalitse, chifukwa apa m'pamene ndinadzipweteka. Mu June kunali ukwati wa mwana wa amalume ku Monkey Bay, ndipo ndinalukitsa meshi yaitali, timizere ting'onoting'ono. Inakongoladi. Koma usiku woyamba sindinagone, khungu linkakoka mpaka m'makutu, ndipo pamphumi panatuluka timatuza. Wa ku saluni anati ndimwe Panado, zizolowereka. Nditamasula patapita masabata asanu, m'mbali mwa mutu ndi pamphumi munali mbee. Kuthothoka kwa matenda kumafalikira mutu wonse mofanana ndipo kumabwerera kokha, koma kwa kukokedwa kumadya m'mphepete, ndipo ukakubwereza zaka zambiri mizu imachita zipsera, tsitsi osameranso. Taonani amayi ambiri m'misika, mphumi yafika pakati pamutu. Nthawi zambiri si ukalamba ayi, ndi meshi ndi wivu zomangidwa mwamphamvu. Meshi imalemera, ndipo kulemera konseko umakusenzetsa tsitsi lochepa limene latsala. Kuluka kukamapweteka, ndiye kuti kukuwononga, ngakhale woluka akhale waluso bwanji.

Wigi ndi yabwino kuposa meshi pa nthawi imeneyi, bola ikhale yovala ndi kuvula. Pansi pake mumaluka mizere ikuluikulu yosakoka, madzulo n'kuivula mutu upume. Ya guluu ija ndi ya tizipeso tokola m'mphepete zimazula tsitsi lanthete la pamphumi. Vuto la wigi kuno ndi kutentha. Ku Blantyre kapena ku Dedza munthu atha kuivala tsiku lonse, koma ukakhala pamsika kuno masana thukuta limayenderera, mutu kuyabwa, ndipo ukayamba kukanda ndiye wayambitsa lina. Ine ndinkaivala Lamlungu ndi pa zochitika zokha.

Chimene chinapambana zonse ndi duku wamba, pansi pake tsitsi lomangidwa ndi ulusi mosakoka ngati mmene ankatimangira tili ana. Kuno mpango si chinthu chachilendo, anzathu achisilamu amavala tsiku lililonse, ndipo palibe amene amakufunsa. Kungosamala ziwiri. Nsalu ya chitenje imamwa mafuta ndipo imakhula tsitsi, choncho pansi pake muike kansalu koterera. Ndipo mfundo musamange pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Za mankhwala owongola tsitsi ndi zowotcha sindichulukitsa mawu: dikirani mpaka kugwa kutaleka ndipo latsopano litakhwima.

Tsopano mafuta a anganga ndi botolo la ku Joni. Anganga anakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa n'kuyengula mafuta pamwamba, ndipo ankandipaka okha madzulo pakhonde. Sindidzawanyoza mafuta amenewo. Amafewetsa tsitsi, amatseka chinyezi kuti lisaume ndi mphepo ya mwera, ndipo tsitsi lofewa siliduka popesa. Kwa ife a tsitsi lopotana, kuduka ndi kumene kumatilanda utali, moti wina amati tsitsi langa silikula pamene likukula koma likutha kunsonga. Ufa wa chebe wochokera ku Chad umene ukugulitsidwa pa WhatsApp umagwiranso ntchito yomweyo, ndipo mafuta a kokonati nawonso amachepetsa kuduka. Koma palibe mwa zimenezi chimene chimadzutsa muzu wopuma nthawi yake isanakwane. Amene amati anapaka nsatsi miyezi itatu tsitsi n'kumera akunena zoona, kungoti likanamera ngakhale akanapanda kupaka. Mafuta a nsatsi ndi olemera, pakani pang'ono ndipo muzitsuka mutu sabata iliyonse. Njere zake ndi poizoni, musazisiye pamene ana angafike.

Botolo loyamba la alamu linali minoxidil. Ameneyu ndi mankhwala enieni, osati zodzola. Anayamba ngati mapiritsi a BP, madokotala n'kuona kuti odwala akumera tsitsi, ndipo mu 1988 dziko la America linavomereza wopaka pamutu. Amabwera wa 2% ndi wa 5%. Amathandizadi, koma ntchito yake yaikulu ndi dazi la kumtundu, lija limayamba pang'onopang'ono paliwombo. Umapaka tsiku lililonse, zotsatira zimaoneka pakapita miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo masabata oyambirira tsitsi limatha kugwa kwambiri kuposa kale. Ukasiya, limene linabwera chifukwa cha mankhwalawo limapitanso. Akayenderera kumaso amameretsa ubweya m'masaya, ndipo woyembekezera kapena woyamwitsa asawakhudze. Tsono taganizani: vuto loti litha lokha m'miyezi ingapo, inu n'kulowa pa mankhwala oti muzidikira basi ya ku Joni mwezi ndi mwezi. Ine botolo langa sindinalitsegule. Mnzanga wina wa ku Namwera, amene mayi ake ndi azakhali ake onse ali ndi dazi paliwombo, akugwiritsa ntchito atauzidwa ndi dokotala, ndipo kwa iye n'zoyenera. Pakati pa nsatsi ndi minoxidil, wothothoka chifukwa cha matenda atenge nsatsi, podziwa kuti akuteteza chabe.

Botolo lachiwiri linali biotin, timapiritsi ta vitamini tokongola tolembedwa za tsitsi, khungu ndi zikhadabo. Ndinamwa miyezi iwiri mokhulupirika osaona kusintha. Biotin amathandiza munthu amene akumusowa m'thupi, ndipo otero ndi ochepa kwambiri, popeza amapezeka m'mazira, mtedza ndi chiwindi. Chinanso, mu 2017 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza kuti biotin wambiri amasokoneza zotsatira za kuyeza magazi, kuphatikizapo za mtima. Za chithokomiro nazonso zimasokonekera. Ngati mukumwa, muwauze a chipatala asanakutengeni magazi.

Chimene ndinachipeza mochedwa ndi chimene ndikanayambira. Mu July ndinapita ku chipatala chifukwa cha chizungulire ndi phuma, osati tsitsi. Adokotala ananditsegula chikope n'kunena kuti, "Mayi, magazi anu ndi ochepa, tiyeze." Anayeza magazi ndi mkodzo, ndipo anapeza likodzo. Ife a m'mbali mwa nyanja timachapa, kusamba ndi kutsuka mbale m'madzi omwewo, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Malombe, ndipo likodzo limakudya magazi pang'onopang'ono, nthawi zina mkodzo osafiira n'komwe. Malungo amaphwanya magazi, msambo umachotsa ena, likodzo n'kumalizitsa. Thupi likasowa ayironi limayamba lasamalira ziwalo zofunika, tsitsi limakhala kumapeto kwa mzere, ndiye kuthothoka koyenera kuleka kumangopitirira. Anandipatsa praziquantel, mankhwala a likodzo, ndi mapiritsi owonjezera magazi, aja amapereka ku sikelo kwa amayi oyembekezera. Sakoma ayi. Amadetsa chimbudzi, ena amawadzimbitsa, ndipo umayenera kupitiriza miyezi ingapo ngakhale wayamba kumva bwino, kuti nkhokwe ya m'thupi idzaze. Musagule nokha osayezetsa, chifukwa ayironi wochuluka amavulaza, makamaka mwana akawapeza n'kumeza. Koma poyerekeza ndi biotin, kusiyana kwake n'koonekeratu: awa anachotsa chizungulire, ndipo pofika September chipeso chinayamba kutuluka choyera.

Pa chakudya ife a ku Mangochi tilibe chodandaula kwenikweni. Tsitsi limapangidwa ndi mapuloteni, ndipo usipa, utaka ndi kambuzi zodya zathunthu ndi mitu yomwe zimapereka mapuloteni, ayironi ndi zinki pa mtengo wosafika wa chambo. Onjezani nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera, ndi dzira pamene lapezeka. Chimene ndinasintha movutikira ndi tiyi. Tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, ndiye ndinasiya kumwera mapiritsi tiyi ndipo ndimadikira ola lathunthu ndikadya. M'malo mwake madzi a malambe, ndimu kapena mango, popeza vitamini C amathandiza ayironi wa m'masamba kulowa. M'mwezi wa Ramadan anzanga osala amene anali pa mapiritsi ankamwa madzulo akafutulu.

Amayi amene mwangobereka kumene, lanu limayamba mwana ali ndi miyezi itatu kapena inayi, ndipo nthawi zambiri limabwerera mwana akamakwanitsa chaka. Si kuyamwitsa kumene kukulithothola, musamuchotse mwana kubere. Amene lanu linatsatira maliro kapena mavuto a m'banja, njira yake ndi yomweyi, kungoti nkhawa ikapitirira kugwa nakonso kumachedwa kuleka, choncho kugona ndi kupeza munthu womuuza zakukhosi n'zofunika ngati chakudya.

Pali kuthothoka kwina kosafunika kudikira ndi nsatsi. Pakakhala malo ozungulira oyabwa ndi okhakhala, makamaka kwa ana, zingakhale zipere, ndipo za m'mutu zimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin, zopaka zokha sizikwanira. Pakakhala malo osalala ngati ndalama yachitsulo, kapena tsitsi lachoka patalipatali ngati lodyedwa ndi njenjete, kapena pali zilonda ndi mafinya, pitani akakuoneni. Chindoko chimatha kuonekera motero. Kugwa kukapitirira miyezi isanu ndi umodzi, pemphani akuyezeni magazi, chithokomiro ndi HIV. Ndipo amene muli pa mankhwala a nthawi yaitali musasiye nokha chifukwa cha tsitsi, kambiranani ndi adokotala.

Utali ndiye umafuna mtima wodekha. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, lathu lopotanali kucheperako pang'ono, ndiponso limafwanyana n'kuoneka lalifupi kuposa mmene lilili. Kufika m'mapewa ndi zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu, zilibe kanthu mwapaka chiyani. Papita miyezi 14 chidulireni changa, ndipo dzulo achemwali pomasula ulusi anawongola tsitsi limodzi la kunkhongo n'kuliyeza ndi tepi yanga ya zitenje: masentimita 14. Pakati pamutu ladzaza ngati kale. Pamphumi pamene panadya meshi paja ndi pamene pakuchedwa, pangomera tanthete, ndipo achemwali akamamanga amapasiya osapakhudza.