Sikelo ya amayi omwe adaikidwa chiwindi china: mmene ndidaionera ku London

Patatha zaka 3 chiikidwireni chiwindi china, ndidauza dokotala wanga kuti ine ndi amuna anga tikufuna mwana. Sadandiletse, koma adanditumiza ku sikelo yapadera pa chipatala china chachikulu ku London, kumene dokotala wa chiwindi ndi wa amayi oyembekezera amakhala m'chipinda chimodzi n'kumaona mayi limodzi. Chimene ndidayamikira kwambiri n'chakuti sikeloyi imayamba ntchito mayi asadatenge pathupi.

Tsiku loyamba adandifunsa mankhwala onse amene ndimamwa, ndipo atamva dzina la mycophenolate, mankhwala oletsa thupi kukana chiwindi chatsopano, adandiuza mosapita m'mbali kuti ndipitirize kulera, chifukwa mankhwalawa akhoza kuchititsa kuti mayi apite padera kapena mwana abadwe ndi chilema cha makutu, mlomo ngakhale mtima. Adandisinthira ku azathioprine, mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo, n'kundiuza kuti ndidikire masabata osachepera 6 nditasiya mankhwala akalewo, ndipo adawonjezeranso miyezi ingapo kuti atsimikize kuti thupi silikukana chiwindicho. Kudikira kumeneku kudandiwawa, pakuti apongozi anga kumudzi ankangofunsa pa foni kuti, "Kodi mphatso ija ilipo?" koma lero ndikuona kuti madokotala adachita bwino kusandithamangitsa.

Nditaima, tacrolimus, mankhwala enanso oletsa thupi kukana chiwindicho, sadandisiyitse, koma ankandiyeza magazi pafupipafupi popeza mlingo wa mankhwalawa m'magazi umatsika mimba ikamakula, ndipo kawiri konse adandiwonjezera makapisozi. Adandipatsanso aspirin wochepa mphamvu pofuna kupewa preeclampsia, vuto la kuthamanga kwa magazi limene limagwira kwambiri amayi onga ine, ndipo mzamba ankayeza mkodzo wanga ulendo uliwonse. Mzambayo adandiphunzitsa kudziyeza BP kunyumba n'kumalemba m'kabuku, ndipo kabukuko ankakawerengadi tsamba ndi tsamba, osati kungokasuzumira.

Dandaulo langa lili pa chipinda chotengera magazi. Magazi oyezera tacrolimus amayenera kutengedwa munthu asadamwe mankhwala a m'mawa, koma amayi apakati tinkaima pamzere umodzi ndi odwala ena onse, moti tsiku lina nthawi yomwera idandipitirira ndi maola 2 ndili pabenchi, mseru ukundivuta, makapisozi ali m'manja. Sikelo yokonzedwa bwino chonchi sikadayenera kulephera kupatula ola limodzi la m'mawa loti ife tizitengedwa magazi. Makalata a masiku obwerera nawonso ankafika mochedwa.

Ndidachira pa masabata 36 kudzera pa opaleshoni, BP itayamba kukwera, ndipo zoti mwana akhoza kubwera masiku asadakwane adali atandichenjeza kale. Dokotala wa chiwindi adabwera yekha ku wodi m'mawa mwake kudzanditsimikizira kuti ndikhoza kuyamwitsa ndikumwa tacrolimus, popeza amene amapita mu mkaka ndi wochepa kwambiri, ndipo sabata yotsatira adandiitananso kuti atsitse mlingo uja adawonjezera.