Judo, karate kapena taekwondo: kalabu yabwino mungaidziwe bwanji?

Masewera atatuwa amaoneka ofanana chifukwa cha zovala zoyera ndi malamba, koma chimene chimaonetsa kuti kalabu ikuphunzitsa bwino n'chosiyana. Musanalembetse mwana, pitani tsiku wamba, osati la chionetsero, mukhale pambali mpaka aweruke.

Pa judo yambani n'kuyang'ana pansi. Masewerawa, amene Jigoro Kano anayambitsa ku Tokyo mu 1882, ndi ogwetsana, ndiye amafuna matiresi ake olimba, okhuthala masentimita 4 kapena 5, oyalidwa mothinana. Matiresi ogonera sagwira ntchito: phazi limalowa, akakolo n'kupindika, ndipo wogwa amakamvabe simenti. Mpata wapakati pa matiresi ndi umene umathyola zala zakumapazi. Kenako onani ongoyamba kumene. Masabata oyambirira ayenera kuthera pa ukemi, kuphunzira kugwa: chibwano pachifuwa, mkono wonse kumenya matiresi, osatsogoza chikhatho pansi. Wogwetsa asataye mkono wa malaya a mnzake, chifukwa kukoka kumeneko ndi kumene kumateteza mutu. Musachitenge mopepuka. Ku Japan komweko ana asukulu oposa 100 anamwalira pa judo pakati pa 1983 ndi 2011, ambiri atavulala m'mutu, ndipo ochuluka anali ongoyamba kumene. Kalabu yogwetsa mwana chagada ndi njira yopinga mwendo yotchedwa osoto-gari sabata yoyamba ithaweni.

Karate ndi yosavuta kupezera malo. Imatheka m'holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, bola pansi pakhale posalala ndi posesa. Koma ndi kumenenso munthu wosadziwa amabisala mosavuta, poti kukuwa manambala a Chijapani aliyense angathe. Mu Shotokan, mtundu wa karate umene anayambitsa Gichin Funakoshi, phunziro limakhala ndi mbali zitatu: kihon (zoyambirira), kata (ndondomeko ya mayendedwe oloweza) ndi kumite (kulimbana awiriawiri). Onani ngati sensei, mphunzitsi wa karate, akuyenda pakati pa mizere n'kumakonza ana mmodzimmodzi. Bondo lakutsogolo liziloza kumene zala zaloza. Likamagwera mkati, pakapita miyezi limayamba kuwawa. Poponya chibakera chigongono chisawongoke mpaka kulira. A lamba woyera, ongoyamba kumene, amayamba ndi gohon kumite, masitepe asanu odziwika kale, osati kumenyana momasuka. Zoti ana aang'ono azipanga ma push-up ndi zibakera pa simenti si kulimbitsa thupi, n'kuwononga mafupa amene akukulabe.

Taekwondo imadya ndalama zambiri pa zida, chifukwa mateche amafika kumutu. Pamafunika chotchinga pachifuwa chotchedwa hogu, chipewa, zotchinga miyendo ndi mikono, cha m'kamwa ndi chapachinena. Kalabu yokhala ndi zipewa ziwiri zokha si yoipa ngati ana akumenyana mosinthana awiriawiri. Yoipa ndi imene imawalola kumenyana opanda kanthu. Onaninso mmene amatambasulira miyendo: thupi liyambe latentha kwa mphindi 10 kapena 15, ndipo mphunzitsi asakankhire mwana pansi kuti atang'adze mokakamiza. Simenti yokhakhala imagwira phazi lopondera pamene likufunika kuzungulira, ndiye bondo ndi limene limapotoka.

Pa nkhani ya mapepala, taekwondo ndi yosavuta kutsimikiza. Satifiketi ya lamba wakuda yochokera ku Kukkiwon, likulu la taekwondo ku Seoul, imakhala ndi nambala yake, ndipo mwana wosakwana zaka 15 amapatsidwa poom, lamba wofiira ndi wakuda, osati dan, mlingo wa lamba wakuda wa akuluakulu. Karate ili ndi mabungwe ambiri, choncho funsani amene anayesa mphunzitsiyo, chaka chake, ndi bungwe limene ali. Wodziwa ntchito amayankha mosakwiya. Kuno ku Malawi funsaninso ngati kalabuyo ili pansi pa bungwe la masewerawo lozindikiridwa ndi Malawi National Council of Sports, apo ayi mwana adzasowa kolowera mipikisano.

Lamba wakuda mu karate nthawi zambiri amatenga zaka 3 mpaka 5 munthu akuphunzira kawiri kapena katatu pa sabata. Wolonjeza chaka chimodzi, n'kumayesa mayeso olipira mwezi ndi mwezi popanda wolephera, akugulitsa nsalu.

Ngati kwanuko kuli kalabu ya judo ya matiresi enieni, ife tingasankhe imeneyo kwa mwana wa zaka 7 kapena 8, chifukwa kugwa bwino kudzamuthandiza ngakhale pa njinga. Ngati matiresi palibe, pitani ku karate, kwa sensei wokonza mawondo.