Msonkho, ziphaso kapena makirediti a kaboni: njira yotiyenera ku Blantyre ndi iti?

Njira zoikira mtengo pa mpweya wa kaboni, umene umachititsa kusintha kwa nyengo, zilipo zitatu, ndipo ngakhale zimatchulidwira pamodzi pamisonkhano, kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana kwambiri.

Msonkho ndiwo wosavuta kuumvetsa: boma limaika mtengo pa tani iliyonse ya mpweya, woutulutsa n'kulipira. Dziko la Sweden lidauyamba mu 1991, pomwe South Africa idauyamba mu 2019 pa mtengo wa R120 pa tani. Ubwino wake ndi wakuti mtengo umadziwika pasadakhale ndipo ndalama zimalowa m'thumba la boma. Koma kuno, ukaikidwa pa mafuta a galimoto, umakagwera mayi wokwera minibasi ya ku Ndirande, pomwe thumba la makala lolowa mumzinda panjinga m'bandakucha, lomwe ndilo likumaliza mitengo, silidutsa pa ofesi iliyonse ya msonkho.

Msika wa ziphaso, monga wa European Union umene udayamba mu 2005, umaika malire a mpweya wonse, makampani n'kumagulitsana ziphaso zowalola kutulutsa mpweyawo. Umafuna mafakitale akuluakulu ochuluka, ndipo a ku Makata ndi Chirimba sangakwane kuuyendetsa.

Ine ndikuona kuti makirediti ndiwo akutiyandikira, chifukwa pamenepa ife ndife ogulitsa. Kirediti imodzi imaimira tani imodzi ya mpweya umene wapewedwa, ndipo mabungwe monga Gold Standard ndi Verra ndiwo amatsimikizira. Banja likasiya mafuwa n'kuyamba kuphikira pa mbaula yadothi ya Chitetezo, nkhuni zimene lapulumutsa zimasanduka makirediti ogulidwa ndi makampani akunja. Aliyense amene adaona matope akutsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu 2023 sangapeputse mtengo ndi umodzi womwe wosiyidwa chiimire.

Komabe njirayi imandidetsa nkhawa. Mbaula ikhoza kusweka n'kutayidwa kuseri kwa khitchini, mphika n'kubwerera pamafuwa, koma m'mabuku ikuwerengedwabe ngati ikugwira ntchito. Komanso pansi pa Gawo 6 la Pangano la Paris la 2015 lolimbana ndi kusintha kwa nyengo, tani imene dziko lavomereza kugulitsa kwa dziko lina silingaiwerengenso pa lonjezo lake lochepetsa mpweya. Choncho gulu la m'dera lisanasaine pangano lililonse, lifunse kuti tani ikugulitsidwa pa mtengo wanji, ndani adzabwere kudzaona ngati mbaula zikuyakadi, ndiponso ndalama zingati zidzafike m'manja mwa mayi amene akuphikayo.